Chidole cha Chipewa Chofiira

Anthu inu, mtima wabwino umapachikitsa. Mpaka lero ndikadutsa pachitsime amayi amagwira pakamwa kubisa phwete, pomwe ine ndinangofuna kusangalatsa munthu wamkulu.

Ndine mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Mkaika. Chaka chatha ndinaganiza zopempha chitengwa, kuti nditenge mkazi wanga ndi ana tikakhale kwathu ku Sinda. Mwini mawu pa nkhaniyi anali a Mbewe, atsibweni a mkazi wanga. Mdalayu ali mnyamata boma linamutumiza ku Jeremani ya kum'mawa, ija ya sosholizimu, kukaphunzira zamathirakitala. Thirakitala sanabwere nayo. Anabwera ndi chijasi chaubweya komanso makaseti a vidiyo a timafilimu ta zidole topangidwa ndi boma la kumeneko. Makina oonetsera anafa kalekale, koma makasetiwo ankawapukuta fumbi ngati mazira.

Ndinati mwayi ndi uwu. Ndinabwereka makasetiwo n'kupalasa njinga mpaka ku Katete, kwa mkulu wina wokonza mawailesi, ndipo anandisamutsira timafilimuto pa fulashi. Anandifunsa kuti, "Simuyamba mwaonako, bwana?" Ine ndinati ayi, zidole ndi zidole basi (lilime langali, Mulungu alikhululukire).

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinabwereka tivi, ndinasenza batire pamutu, mazenera ndinatchinga ndi zitenje. Mudzi wonse unadzaza m'nyumba ya a Mbewe, ena akusuzumira pakhomo. Apongozi anga aakazi anakhala pamphasa kungodya, cham'mbali, poti ine ndi iwo sitiyang'anana. A Mbewe anavala chijasi chija, mu Okutobala, thukuta lili kamukamu.

Kafilimu koyamba kanali ka mbalame zodulidwa pa pepala lakuda, zikuuluka ngati zithunzithunzi. Mdala analira. "Mwana wanga," anatero, "wandibwezera unyamata." Mumtima ndinati Sinda, konza mphasa, tikubwera.

Kenako kanayamba kachiwiri. Munda waukulu wa kopaletivi, zidole zamatabwa zikukolola mbatata, zonse kalikiliki. Ndiye panatulukira chidole china: chamimba, cha ndevu zapamlomo, chipewa chofiira kumutu. Chinayasamula, chinakanda mimba, n'kukagona pansi pa mtengo.

Tsono ine ndili ndi ndevu zapamlomo. Kamimba ndili nako, ndi ka ku mtundu. Ndipo chipewa chofiira chinali pamutu panga nthawi yomweyo. Kugona pansi pa mango masana ndimagonadi, koma ndi chifukwa cha msana, aliyense akudziwa.

M'nyumba munayamba kunong'onezana. Mayi wina anati, "Atsibweni, timasulireniko, akuti chiyani?"

A Mbewe anakonza kukhosi n'kuimirira pambali pa tivi. "Uyu dzina lake, tikaliika m'Chichewa, ndi Mkamwini."

Nyumba inaphulika ndi kuseka.

"Apa akuti, msana ukundipweteka, pitani muyambe, ndikupezani."

"Eee!" anthu anavomera ngati kwaya.

"Apa akufunsa ngati ndiwo zapsa."

Ndinapirira, ndinapirira, kenako magazi anawira. Ndinati, "Pepani atsibweni, koma chidolechi sichinatsegule pakamwa. Mufilimu monse muno mulibe mawu, ndi nyimbo yokha ya chitoliro!"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kodi a bambo, ku Jeremani munapitako ndinu?"

"Ayi."

"Ndiye khalani pansi. Chijeremani china chimamveka m'chitoliro."

Ndinakhala pansi. Ndinavula chipewa mwakachetechete kuti ndichibise m'thumba, ndipo ngati kuti afiti a ku Ulaya ankandiona, chidole nacho chinavula chake n'kuchiphimba kumaso kuti chigone bwino. Apongozi anga aakazi, mayi amene sindinaonepo mano awo chikwatirireni, anaseka mpaka kutsamwa. Anachita kuwatulutsa panja kukawapatsa madzi.

Ndinadumpha kuti ndizimitse. Podumphapo phazi linakola waya, batire linagubuduka, ine chagada pakati pa ana, miyendo m'mwamba. Tivi inathima. A Mbewe, osatekeseka, anamasulirabe: "Apa ndiye wagonanso."

M'mawa mwake ndinapitabe ndi ankhoswe anga kukapempha chitengwa (inde, ndilibe manyazi, ndinabadwa choncho). Mdala anatilandira bwino. Anati mphatso yanga inamukhudza mtima kwambiri. Kenako anati, "Koma boma la anthu ophunzira ngati lija silingawononge matabwa kusema chidole popanda chifukwa. Mulime kaye thonje chaka chino, tione mabelo. Za ku Sinda tidzakamba."

Taonani chilungamo chake! Chidole chinasemedwa ine ndisanabadwe, m'dziko limene linatha kale, ndi anthu amene sanaione Katete ngakhale pamapu, koma umboni wake unaposa wa ankhoswe anga. Ndinadandaula kwa mkazi wanga kuti abale ake andinyoza. Iye anangoti, "Mukanasiya kafilimuko kathe, mwina kumapeto chidolecho chinadzuka n'kugwira khasu." Ndinakaonera ndekha kumapetoko. Sichinadzuke. Anzake anachinyamula ndi machila, chili mtulo, n'kukachitula m'khola la nkhumba. Nkhani imeneyi sindinauze munthu, ndipo fulashi ndinati inalowa madzi.

Thonje ndalima, msana uli apo. Ana a m'mudzi akandiona ndi khasu amaimba mluzu wa chitoliro chija, ine n'kumangoyenda ngati sindikumva.

Chimene ndaphunzira n'chimodzi: ukafuna kukondweretsa akuchikazi, apatse nkhuku. Nkhuku siifuna womasulira.