Kapu ya a Mori

Lolemba
Fakisi yafika. A Mori, bwana wamkulu wa ku Tokyo, abwera Lachisanu kudzasankha munthu mmodzi wokachita maphunziro ku Japan. Opikisana tilipo awiri, ine ndi Otieno. Akuti a Mori amamuyeza munthu pa tebulo la mowa. Otieno amamwa soda basi. Ine mowa ndinauphunzira ku Zomba, digiri inali yapambali. Pulani: pofika Lachisanu, mawu onse a mowa a kum'mawa akhale ali m'mutu.

Lachiwiri
Ndakwera matatu, minibasi za kuno, mpaka Westlands, kwa Mayi Lin, mwini lesitilanti ya Chitchaina imene ofesi imadyetserako alendo. Anakhalako ku Japan ali mtsikana. Akundijambulira chilembo chimodzi pa tishu: mtsuko, pambali pake madontho atatu. Atchaina amachiwerenga jiu, Ajapani sake, onse akutanthauza mowa. Mayiko awiri, mtsuko umodzi! Anthu ojambula mowa mokongola chonchi ndi oyenera kuwavulira chipewa.

Lachitatu
Zalero:
baijiu, "mowa woyera": kachasu wa Atchaina wopita kusukulu.
atsukan, sake wotenthetsa. Kufunditsa mowa ngati madzi osambitsa khanda, chifundo chake!
ganbei, "umitsa kapu". Ajapani amati kanpai.
Mayi Lin akuti mawu salowa popanda kulawa. Ndalawa onse. Kondakitala akundidzutsa titadutsa kale South C, kumene ndimakhala.

Lachinayi
Mayi Lin akuyamba kufotokoza za mwambo wothirirana. Ndikuwadula: mwambo ndili nawo wakwathu, ine ndikufuna mawu. Kunyumba ndikuyeserera kanpai pa galasi la m'bafa. Mayi a Chiko ali pakhomo: "Bambo a Chiko, nyimbo za kwaya mukanaziloweza chonchi, bwenzi abusa akukudziwani dzina."

Lachisanu
Tili kwa Mayi Lin. A Mori ndi nkhalamba yofatsa, ya tayi ya buluu. Akundithirira okha, ndi manja awiri, m'kakapu kochepa ngati chitsekerero cha botolo. Bwana kuthirira wantchito! Kwathu wamkulu akakupatsa chakumwa susiyako, ndi mwano. Ndikumaliza. Akuthira. Ndikumaliza. Akuthiranso. Ndikuwatchulira atsukan, akugwedeza mutu mwaulemu. Ndikuwatchulira baijiu, kenako Zomba, kenako nyimbo ya fuko lathu, ndime zonse. Otieno akungomwa soda wake. Ulendo ndi wanga uwu.

Loweruka
Mutu ngati mkati mwa matatu. Ndikuimbira foni Mayi Lin kuti andiuze mmene ndinawalira. Akuseka kaye. Akuti ku Japan munthu sadzithirira yekha: wakuthirira, nawe umuthirire, ndipo ukakwana umasiya kapu yodzaza. Ine ndimangoumitsa, a Mori n'kumadzaza, yawo ili gwa, youma, kudikira ine. Mpaka Otieno anaika soda pansi n'kunyamula botolo ndi manja awiri, n'kuwathirira.
"Zimenezi ndimati ndikuuzeni Lachinayi," akutero.
Akundipatsa liwu lina laulere: futsukayoi, "kuledzera kwa tsiku lachiwiri". Ife timangoti matsire. Awa anachita kuwerengera ndi masiku omwe. Akatswiri!

Lamlungu
Otieno akupita ku Japan. Wandiimbira yekha, akufunsa ngati ndingamuphunzitseko mawu awiri atatu. Ndamulonjeza tishu ija.
Ku tiyi wa kutchalitchi ndikugwira ketulo ndi manja awiri, ndikuthirira aliyense, mzere wonse, kapu yanga ili pambali. Ndikudikira. Palibe akundithirira. Tiyi watha.