Kodi Wolemba Ndinu?

Ndikanazindikira pa mitolo ija. Munthu wofuna buku sabwera atasenza mphasa, kapoto ndi khasu. Koma ine m'mawa umenewo, nditaona amuna atatu ataima pakhomo pathu m'nkhungu ya chiperoni, mtima unangoti eya, ogula aja afika.

Ndiyambe bwino, chifukwa ndikachita mantha mawu amandithawa. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Ndili ndi ana awiri, Esinati ndi mlongo wake Yohane, amene nthawi imeneyo anali wa kumsana. Timakhala pa malo a mzungu wa tiyi, ndipo pamalo oterewa nyumba ndi yako bwana asanakwiye. Yohane anali wolira kwabasi, ndiye pothyola tiyi ndinkamupekera tinyimbo, n'kumatilemba kuseri kwa matikiti akale a ntchito. A Zakeyu, amene amapukusa makina osindikizira kumishoni, atatiwona anati, "Mayi, izi zikhoza kukhala buku. Koma pepala ndi inki n'zanu." Ndinapereka mbuzi yanga yamawanga. (Bambo a Esinati mpaka lero akaona mbuzi yamawanga amausa moyo.)

Ine ndinkayesa kuti buku likangotuluka m'makina anthu amalimbirana ngati nyama ya pa Khirisimasi. Nsalu yoti ndidzagule ndinali nditaisankha kale. Timabukuto tinabwera mtolo wathunthu, pachikuto pali mawu aakulu akuti WOLEMBA, dzina langa pansi pake. Ndinaima nato pakhomo pa tchalitchi masabata atatu. Odziwa kuwerenga ankawerengera pomwepo n'kundibwezera, amvekere, "Zabwino ndithu." Alamu anga anatenga kamodzi mwaulere, ndipo ndinanyadira mpaka tsiku limene ndinawapeza akupichiramo fodya. "Pepala lake n'lofewa bwino, mlamu," atero. Koma ndi iwo omwewo amene ankalengeza paliponse kuti mkazi wa achimwene awo tsopano ndi wolemba.

Ndiye amuna atatu aja.

"Kodi wolemba ndinu?" anafunsa wamkulu wawo. Chinyanja chake chinali chodzaza Chilomwe, ngati cha mayi anga, cha munthu amene wangowoloka malire.

"Ndine amene," ndinatero, ndikukonza duku.

Anayang'anizana. "Mkazi?"

"Nanga mkazi salemba?"

"Ndiye mutilembe, mayi. Tikufuna ku Joni."

(Apa wanzeru akanamva. Ine ndinamva kuti buku langa likupita ku Joni, ndipo ndinatsala pang'ono kululutira.) Ndinapatsa aliyense kabuku kake, n'kulemba dzina lake mkati kuti tisasokonekere. Wamkulu uja anafunsa podinda chala. Ndinaseka, ndati dindani pamene mukufuna. Anapaka chala mwaye wa kunsi kwa mphika, anadinda onse atatu, anabisa timabukuto m'malaya, anathokoza kwambiri n'kumapita. Osalipira. Ndinati kaya, a ku Joni amalipira pobwerera.

Mawa lake kunabwera ena asanu, ndipo awiri mwa iwo anali antchito a pa malo athu omwe ano. Ndinawalembanso.

Tsiku lachitatu ndili m'munda, ndinaona akapitao akubwera mondilunjika, osayang'ana madengu a anzanga. Anatsitsa mawu.

"Mayi a Esinati, n'zoona mukulemba anthu a bwana kuti azipita ku migodi?"

Dengu linandipulumuka. Pamenepo m'pamene mawu aja anatembenuka m'mutu mwanga. Wolemba! Wolemba nyimbo ndi wolemba anthu ntchito, dzina lake ndi limodzi. Akapitao anati amuna atatu aja anali atabwezedwa panjira ndi amesinjala a boma, akuonetsa tinyimbo tanga ngati ziphaso.

"Mukafike ku ofesi belu lisanalire," anatero akapitao. "Mukudziwa nokha, woba antchito sagona pa malo ano."

Ndinkadziwa. Ndinaonapo denga la anthu likugwetsedwa, ana ali panja ndi timitolo. Ndipo uwu unali mwezi wozizira. Ndikanapita nawo kuti? Kwawo kwa mayi anga n'kumene anathawa. Ndinathamanga kukasiya Esinati kwa mnzanga woyandikana naye nyumba, ndamufunditsa nsalu ziwiri, ndati usatuluke ngakhale umve phokoso. Yohane kumsana, ulendo wa ku ofesi.

Bwana anali pampando, nkhope ili psuu. Akalaliki ataima pambali, kabuku kanga kodindidwa chala kali m'manja. Amuna atatu aja ali pakhonde, mitu pansi. Bwana analoza, akalaliki anayamba kuwerenga ndi mawu a pa mlandu:

"Gona Yohane, gona,
dengu silinadzale.
Likadzala tinyamuka
akapitao asanatione."

Abale, nyimbo yanga sinamvekepo yoopsa chonchi. Ngakhale ine ndinayamba kudzikayikira.

Bwana analankhula, akalaliki anamasulira. "Akuti dengu limeneli ladzala ndi anthu angati? Nanga Yohane ameneyu ndani? Si Joni imene mwaibisa dzina?"

Ndinangotembenuka n'kuwalozetsa msana. "Yohane ndi uyu, bwana."

Ndipo Yohane, Mulungu amudalitse, anadzuka pomwepo n'kuyamba kulira kwake kuja kumene kumathawitsa akhwangwala. Bwana anatseka makutu. Ine osaganiza n'komwe ndinayamba kumugwedeza ndikuimba kuti gona Yohane, gona. Pofika pa dengu anali atayamba kusisima. Pofika pa akapitao anali atagona.

Akalaliki anabisa kamwa ndi kabuku kaja. Bwana anapukusa mutu, ananena mawu ochepa.

"Akuti nyumba ikhale," anatero akalaliki. "Akuti muziimba. Koma mawu a pachikutowa asadzawaonenso."

Pakhonde ndinapepesa amuna aja, misozi ili m'maso, poti anali atayenda ulendo wachabe chifukwa cha ine. Wamkulu uja anati, "Palibe kanthu, mayi. Koma kabukuka ndisunge. Kwathu ndasiya wolira ngati wanuyu." Sadziwa kuwerenga, ndiye ndinamuimbira kawiri mpaka anaigwira. Pa anthu onse, ameneyo yekha ndiye analifunadi buku langa.

Nditafika kunyumba ndinang'amba zikuto zonse n'kuziponya pamoto, dzina langa likupsa ndikuliona. Masamba otsalawo ndinawapindapinda n'kutseka nawo ming'alu ya khoma, mbali imene ana amagona, pamene mphepo ya chiperoni inkalowera. Chaka chimenecho Esinati sanatsokomole.

Masiku ano mlendo akafunsa ngati wolemba ndine, ndimayamba ndayang'ana ngati wasenza mphasa. Koma musawauze bambo a Esinati: kuseri kwa matikiti kwadzazanso, ndipo mbuzi ya mayi anga ili ndi bere.