Magetsi a Tsiku la Fainolo

Pulani inabadwira m'bala, mabotolo atayamba kuchuluka. Injiniya, yemwe anapata dzinali atakonzako wailesi imodzi n'kuipheratu, anajambula mapu patebulo ndi chala choviika mumowa.

"Apa pali kadamu, kafupi ngati mwana wa sukulu. Madzi amagwera pagudumu, gudumu limapukusa jenereta ndi lamba. M'jeneretamo muli kopa, magaye. Kopa weniweni."

"Nanga anthu?" anafunsa Chimimba, amene ankatafuna kwambiri kuposa kuganiza.

"Loweruka masana kuli fainolo. Mlonda, wapolisi, ngakhale abusa, onse adzakhala pa TV muno. Mutu wangawu umandilemera ndi nzeru."

Sipanala, mlamu wake wa Injiniya, anavomera. Ankavomera chilichonse.

Loweruka kumtsinje kunalidi zii. Injiniya anatseka chitseko cha madzi, gudumu linaima, ndipo Chimimba, posafuna kuvutika, anadula lamba ndi mpeni. Injiniya ankaimba mluzu akumasula mabawuti. Zoti TV ya m'bala imadya magetsi omwewo, mutu wolemera uja sunafikeko.

Tsono anthu a pamalopo anali ndi chizolowezi. Magetsi akazima, amadziwa kuti masamba atseka sefa, ndipo aliyense amathamangira kumtsinje ndi chopalira. Tsikulo magetsi anazima wosewera akuthamangira kukamenya penate.

Injiniya atadzutsa mutu anaona bala yonse itaima pamtunda, zopalira m'manja. Iye anali atakumbatira jenereta ngati mkazi wake. Sipanala anali atakweza kale manja asanauzidwe.

"Timachotsa masamba, bwana," anatero Injiniya.

"Masamba a mabawuti?" anafunsa mayi mwini bala. "Penate yalowa kapena ayi? Tiuzeni inuyo, anzeru."

Wapolisi anatola lamba wodukayo n'kupumira m'mwamba.

"Mlandu tikamba mpira ukatha. Panopa anthuwa akufuna TV, ndipo ikazimanso, ine sinditha kuwagwira."

Anaimika njinga yake, tayala lakumbuyo litagunda kagudumu ka jenereta, n'kumukweza Injiniya. Mlonda anatsala ndi chopalira kuti azimulimbikitsa.

Injiniya anapalasa osapita kulikonse, thukuta likulowa m'maso, anzake ali pamzere kudikira nthawi yawo. Anadzitonthoza kuti mpira ndi chinthu chakutha. Miyendo itayamba kunjenjemera, kunabwera mkazi wake, mlongo wa Sipanala, kuchokera kubala.

"Limbikirani, bambo a kwathu," anatero. "Afanana zigoli. Awonjezera nthawi."