Tsiku limene ndinalanda ntchito ya anamwino

Pali anthu akufalitsa kuti ine ndinakomoka. Mabodza! Ndinangogona pansi mofulumira, basi. Poti nkhaniyi ikuyenda yokhota, ndiilembe ndekha (sukulu ndinaisiya msanga, musandiwerengere zilembo).

Masiku amenewo ndinali kapitawo wa othyola tiyi. Ndikakuwa kumtunda kwa munda, wakudambo ankagwetsa dengu. Ndiye chitsa chinandibaya pamsongolo, bala n'kusanduka chilonda chonyeka. Kachipatala ka pa esiteti kanali ndi namwino mmodzi yekha, mayi Estere, ophunzira kumishoni. Kutunga madzi iwo, kuwiritsa mabandeji iwo, kutsuka zilonda iwo, ngakhale pa Sabata lawo. Maso anali atalowa m'kati.

M'mawa wina mzera wa odwala unafika pa mtengo wa bulugamu, ine ndili kumapeto. Kapitawo wathunthu!

"Amayi!" ndinakuwa. "Mukutsuka chilonda kapena mukuchinyengerera? Akanakhala antchito anga, mgwazo uwu bwenzi utatha kale!"

Sanakalipe. Anaika beseni pansi, kuvula epuloni, n'kubwera kudzandikoleka m'khosi.

"A Kapitawo, mgwazo wanu uwu. Dzulo ndinapezeka ndikulira pachitsime, chondiliritsa osachidziwa. Ndikupita kwathu ku Mphuka."

Analowa kukamanga katundu. Mzera wonse unandiyang'ana. A Muhiwa, odula nkhuni za kufakitale, anati, "Alamu, mwatithamangitsira mayi wathu. Mwendo wangawu ukaola, ndizidzadya kwanu."

"Khalani pamzera! Kutsuka chilonda n'chiyani? Madzi ndi nsanza basi!"

Ndinaimba wenzulo. Woyamba ndinamumanga ngati mtolo wa nkhuni, zala zake n'kutupa. Wachiwiri ataona zimenezo anati wachira, n'kuthawa (ameneyo ndimamuwerengera). Wachitatu anali a Muhiwa. Bandeji yawo inali itamatirira pachilonda. Mayi Estere ankayamba ainyowetsa kaye pang'onopang'ono, ine ndinkayesa ulesi. Ndinaitsomphola kamodzi ngati nsonga ya tiyi.

Kukuwa kwake! Kenako mafinya, kenako fungo. Bulugamu uja anayamba kuzungulira. Akuti nkhope ndinaiviika m'beseni la mankhwala ofiirira osachoka pakhungu aja, koma zimenezo ine sindinazione.

Potsegula maso, mayi Estere akundikupiza ndi chipewa changa chomwe, mtolo wawo uli pambali.

"Mwatsiriza angati, a Kapitawo?"

"Atatu."

"Sanatsirize ndi mmodzi yemwe," anatero a Muhiwa. "Angowonjezera wodwala."

"Mawa onsewa abweranso," anatero mayiwo. "Ndi mkuja yemwe."

Ndinawapempha kuti asapite (chapansipansi, anthu asamve). Anati akhala pokhapokha azimayi awiri a gulu langa azibwera m'mawa uliwonse kudzatunga madzi ndi kuwiritsa mabandeji, ndipo pa Sabata iwo eni azipuma ngati munthu.

Zotero amavomereza ndi mzungu wa esiteti. Ndinapita ku ofesi kwake ndevu zili psuu, mphuno psuu, khutu limodzi psuu. Anaseka mpaka kugwira tebulo, n'kuvomera osamva n'komwe mapeto a pempho langa. Mayi Estere anamasula mtolo.

Tsono akakufunsani kuti anayambitsa zoti chipatala chathu chikhale ndi otunga madzi ndani, muziyankha bwino. Ndine! Nzeru zimenezo zinandibwerera ndili chigonere pansi paja, ndikuganiza.