Kamuvi, Kachiphuphu ndi Chinkhoswe cha Tadala

Lolemba

Laputopu yatsopano yafika ku ofesi! Yopyapyala, yakuda, ikununkhabe katoni. Kompyuta yakale ija aitsekera ku sitolo pamodzi ndi mausi yake. Sindikudandaula. Munthu amene wakalambira pa ntchito ya zoweta sangalire chifukwa cha kanthu ka chingwe.

Iyi ilibe mausi. Ili ndi zinthu ziwiri zoyendetsera kamuvi ka pa sikirini: kabwalo kosalala koseretsapo chala, ndi kachiphuphu kofiira pakati pa zilembo. Ziwiri! Ena alibe n'chimodzi chomwe.

Pulani: Loweruka ndi chinkhoswe cha mwana wanga Tadala. Ndabwereka projekita. Ndionetsa zithunzi zake pakhoma, kuyambira ali khanda mpaka pano, kuti akuchimuna adziwe kuti mwanayu sanatoledwe pamsewu. Ndauza kale Mwanza yonse. Tadala akuti, "Adadi, koma mukwanitsa?" Funso lachipongwe.

Lachiwiri

Kamuvi kali ndi mtima wakewake. Ndikati pita kumanja, kakukwera kumwamba. Ndikaphethira, kasowa. Ndakafunafuna mpaka tiyi wazizira, kenako ndakapeza pakona kali phee, kakundiyang'ana.

Vuto ndalipeza, ndi chala changa. Zaka zonsezi ndikamatsegula mafaelo ndimayamba ndachinyambita, ndipo palibe amene anachiuza kuti zinthu zasintha. Chikumapita chokha kukamwa, kenako pa kabwalo. Pakangofika malovu, kamuvi kakunjenjemera ngati kagwidwa malungo.

Zoti ndisiye:
- kunyambita chala
- kusenda manachesi pa desiki
- kukalipira kamuvi mokweza, chifukwa a ofesi yoyandikana ayamba kufunsa ngati ndili ndi mlendo

Lachitatu

Ndasamukira ku kachiphuphu. Dzana ndimayesa chilema cha ku fakitale, ndinatsala pang'ono kukafinya. Akuti umangokakankha pang'ono. Koma dzanja langali linazolowera kugwetsa ng'ombe pa dibi, mawu akuti "pang'ono" silikuwadziwa. Ndakankha kamodzi, kamuvi kadutsa sikirini yonse osayang'ana kumbuyo. Ndikukhulupirira kuti kawoloka boda.

Bwana andipeza ndawerama, chala pa kachiphuphu, lilime kunja. Akuti, "Adokotala, mukuiyeza thupi?" Ndaseka nawo, poti ndi bwana.

Zithunzi zalowa, mwa chisomo. Koma foda ya Tadala yakhala moyandikana ndi foda ya ku ntchito, ya matenda a mbuzi za ku Kanduku. Ndayesa kuzitalikitsa. Tsopano zagundana.

Lachinayi

Ndabwera nayo kunyumba kuti tizolowerane. Ndasamba m'manja ndi sopo, ndakhala pakhonde, ndalankhula nayo mwaulemu. Kamuvi kamvera! Ndasangalala, ndakankha mwamphamvu, kachiphuphu kathothoka. Kani n'kachipewa chabe ka labala! Kagubuduka pa simenti, thadzi lathu lamawanga lakajompha n'kumeza, ine ndikuona.

Ndalithamangitsa kuzungulira bafa, m'dimba, mpaka kwa aneba. Ndaligwira. Sindikuchita mantha, ntchito yanga ndi ya ziweto, ndikudziwa khomo limene kadzatulukire. Ndalimangirira ku mtengo wa gwafa.

Amake Tadala akuti, "Bambo, thadzi limenelo ndi lomwe ankhoswe akapereke kuchimuna Loweruka." Pa nkhuku zonse za pakhomo pano!

Lachisanu

Zomwe thadzi ladya: gaga, chimanga, masamba, mpunga wotsala. Zomwe labweza: zambiri, koma chofiira palibe. Ndafufuza mulu uliwonse ndi kamtengo. Tadala wandipeza nditanyonyomala pamenepo, wandiyang'ana, wabwerera m'nyumba.

Ndapempha alamu anga, omwe ndi ankhoswe, kuti tisinthe nkhuku. Akuti, "Thadzi tinasankha kale ndi banja. Sitisintha mwambo chifukwa cha kompyuta."

Popanda chipewa chake, kachiphuphu kasanduka kaminga. Chala chatupa. Ndabwerera pa kabwalo, ndamanga chala ndi kansalu kuti ndisachinyambite. Kabwalo sikakuchimva chala chovala.

Amake Tadala akuti ndingotsikira pa boma ndikagule mausi. Ine? Nditauza ofesi yonse kuti mausi ndi ya anthu otsalira? Bola kufa.

Loweruka

Holo yadzaza. Ankhoswe asinthana nkhuku, iwo tambala, ife thadzi. Ndikuona ndi maso angawa katundu wa boma akupita kuchimuna, anthu akululutira.

Yakwana nthawi yanga. Woyendetsa mwambo akukuwa, "Tsopano timuone mkwatibwi ali khanda!" Chala chapita kukamwa ndisanachiletse. Kamuvi kalumpha.

Pakhoma paoneka mbuzi ya mphere, yaikulu ngati chitseko.

Ndikuti nditseke, ndagunda ndi zala ziwiri, mbuzi yakula, tsopano tikuona kumchira kokha. Ndikuti ndibwerere, yabwera ina yotsegula m'mimba. Ina yotupa bere. Woyendetsa mwambo, poti anakonzekera kale mawu, akupitiriza, "Apa anali atayamba sukulu."

Kenako malume a mkwati, a ku Kanduku, aimirira ndi chimwemwe. "Imeneyo ndi ya kwathu! Inachira, adokotala, inabereka mapasa!" Anthu aomba m'manja. Azibambo asiya mipando, andizungulira, aliyense ndi mbuzi yake yodwala. Wina akufunsa za nkhumba.

Ndasuzumira kutsogolo. Mkwatibwi amayenera kuwerama pa chinkhoswe, ndi mwambo. Koma mwana ndi wanga, kuwerama kwake ndimakudziwa, ndipo kwa leroku si kwa mwambo. Chithunzi chake sichinaoneke n'chimodzi chomwe.

Lamulungu

Akuchimuna atumiza uthenga wothokoza. Akuti sanaonepo chinkhoswe chothandiza chotere.

Tadala wakwera minibasi ya m'mawa kubwerera ku Blantyre. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Wangondikonza kolala n'kunena kuti, "Adadi, paukwati mudzangobwera ndi suti." Ndavomera. Ndikanati chiyani?

Masana ndaitsegula laputopu kuti ndichotse zithunzi ndisanaibweze ku ofesi. Kamuvi kayenda bwinobwino, molunjika, ngati sitinayambanepo. Katsegula chithunzi cha Tadala ali kamwana, atakhala pa kaliyala ya njinga yanga, manja onse awiri atagwira malaya anga kumsana, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti adadi akudziwa kumene akupita.

Ndaitana amake kuti adzaone. Apita kukabweza mapoto obwereka.

Ndakhala nacho ndekha pakhonde mpaka batire latha.