Galimoto Yofiira ya Akwati

Lolemba

Ndalonjeza galimoto ya akwati. Ndalonjeza pamaso pa komiti yonse, kunyumba kwa Amayi Chisale ku Drumcondra, kuno ku Ireland, kapu ya tiyi ili m'manja.

Ukwati ndi wa Limbani ndi Tadala, Loweruka lino. Limbani ndi mnzanga wa kusekondale. Ntchito yake ya zomangamanga inatha chaka chatha, monga inathera ya aliyense wogwira njerwa m'dziko muno, ndiye ukwatiwu ukumachepa pa msonkhano uliwonse. Hotela inasanduka holo ya parishi. Bandi inasanduka wailesi. Lero Amayi Chisale, wapampando wathu, akuti akwati angokwera takisi. Ndikuona Tadala akuyang'ana pansi. Pakamwa panga patseguka pokha.

Ine sindilonjeza za m'maloto. Mfundo zilipo:

Pansi pa chipinda chomwe ndimachita lendi ku Lucan pali galaja.
M'galajamo muli galimoto yofiira ya ku Italy, ya chizindikiro cha kavalo pamphuno, yofunditsidwa nsalu.
Mwini wake, a Brendan, alandilodi anga, anandiuza tsiku lina tikutulutsa mabini kuti, "Ikalira, itenge."

Anthu aomba m'manja. Amayi Chisale akuti, "Sukulu ndi yabwino, inu." Tadala wandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri: "Achimwene, Mulungu akudalitseni."

Nsalu ija sindinaivundukulepo, ndimangoona mphuno. Koma zimenezo n'zazing'ono.

Lachiwiri

Munthu sayamba ntchito asanawerenge. Tsiku lonse ndili m'laibulale ya payunivesite. Za digiri yanga ndazikankhira pambali, patsogolo panga pali mabuku atatu a mbiri ya kampani yopanga galimotoyi.

Mbiri yake ndi yokoma! Woyambitsa kampaniyi mtima wake unali pa mipikisano basi. Magalimoto a pamsewu ankagulitsa monyinyirika, kuti apeze ndalama zothamangitsira enawo. Kufiirako si kukongoletsa chabe: ndiwo mtundu umene magalimoto a ku Italy ankadziwika nawo pa mpikisano, monga a ku Britain ankadziwika ndi wobiriwira. Kavaloyo anayamba kujambulidwa pa ndege ya msilikali wina wa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Fakitale idakali m'katauni kakang'ono, kumpoto kwa dzikolo.

Ndalemba masamba anayi oti ndikalankhule kuphwando. Anthu ayenera kudziwa chimene akuchiimbira nthungululu.

Madzulo Limbani waimba foni. Tadala wauza kale amayi ake ku Zomba, amayi ake auza a kwaya, ndipo wojambula vidiyo akuti galimotoyo adzayamba kuijambula kumatayala. "Aise, watichotsa manyazi," akutero Limbani. Ndayamba kumufotokozera za ndege ija. Akuti mayunitsi akutha.

Lachitatu

Ndavundukula nsalu.

Mipando ndi iwiri.

Ndazungulira mbali inayo n'kusuzumiranso. Ndi iwiri ndithu. Kumbuyo kwa mipandoyo kuli injini, ikuonekera pagalasi ngati katundu wa m'sitolo.

Chopweteka n'chakuti mabuku onse atatu ananena. M'buku lina ndinachita kudula mzere ndi pensulo kunsi kwa mawuwo, n'kulemba m'mbali kuti "mzimu wa mpikisano". Mzimu wa mpikisano!

Mkwati, mkwatibwi, dalaivala. Anthu atatu. Limbani alibe laisensi. Ndiponso kwathu akwati amakhala kumbuyo, moyandikana, kumabayibitsa anthu pawindo. Galimoto iyi kumbuyo ilibe.

Njira zomwe ndaganiza:

Maulendo awiri. Koma ndi ukwati wanji woti akwati afike padera ngati ayambana kale?
Tadala ayendetse yekha, atavala velo.
Ndidwale chimfine mpaka Lolemba.

Sindikuuza aliyense. Munthu wodekha amayamba wasonkhanitsa mfundo zonse.

Lachinayi

Mfundo zasonkhana. Batire inafa kalekale. Tayala limodzi lagona. Inshuwalansi inatha chaka chimene ntchito ya Limbani inatha.

A Brendan atsika atavala malaya ogonera, masanasana. Munthuyu ankamanga nyumba zogulitsa. Zimene anamanga komaliza zili kuseri kwa msewu wathu, zopanda mawindo, udzu ukumera pakhomo. Talumikiza mawaya ku galimoto ya akazi awo. Yofiira ija yakana, yakana, kenako yalira.

Mayo ine, kulira kwake! Zitini za penti zanjenjemera pashelefu. Agalu a mzere wonse ayankha. A Brendan akhala pampando, atseka maso, akungoponda mafuta osapita kulikonse. Ndikufuna kufunsa za mipando koma nkhope yawo ndi ya munthu amene ali m'pemphero. Ndaima pambali ngati wotumikira pa Misa mpaka injini yatsokomola n'kuzima. Petulo watha.

Akutuluka akundiuza zinthu ziwiri. Choyamba, galimotoyi imadana ndi kuyenda pang'onopang'ono, imatentha. Chachiwiri, pa mahampu a m'dera lathu lino imakhula mimba.

Mdipiti wa ukwati wa kwathu umayenda ngati munthu wodwala mwendo, mahutala akulira, atsikana atatulutsa mitu pamawindo. Kukoma kwake n'komweko, kuti aliyense aone. Galimotoyi anaipangira kuti munthu asaione bwino ikamadutsa. Zonsezi zili m'masamba anga anayi aja. Ndinalemba ndekha.

Lachisanu

Ndimati ndiimba foni m'mawa. Ndimati ndiimba masana. Afika okha: Amayi Chisale ndi maliboni oyera ndi agolide, Tadala ndi diresi m'chikwama, akuti ayese kukhalamo kuti aone ngati silikwinyika.

Tadala wavalira m'chipinda changa. Kulowa m'galimoto kwatheka, mothandizana anthu awiri. Diresi lafufuma mpaka kudenga, ladzaza ndi mpando wa dalaivala womwe. Pawindo pakungooneka maso.

Amayi Chisale azungulira galimoto kamodzi, monga ndinachitira ine Lachitatu.

"Nanga amuna ake akhala pati? Padenga?"

Apa munthu wamba akanapepesa. Ine ndayankha kuti woyambitsa kampaniyi sankaganiza kwenikweni za okwera, chifukwa mtima wake unali pa mipikisano. Ndikudzimva ndikulankhula, koma sindikutha kuima. Ndafika mpaka pa ndege.

"Bambo inu," akutero, "ife tikukwatitsa mwana, sitikuthamangitsa."

M'kati mwa diresi mukutuluka mawu aang'ono: "Achimwene, ndiye mayi anga ndiwauze chiyani?"

Ndilibe buku la funso limenelo.

Ngati kuti sizinakwane, a Brendan atulukira ndi tiyi n'kunena mofatsa kuti aiwala kundiuza: galimotoyi tsopano ndi ya banki. Siyenera kutuluka pageti. A banki adzaitenga Lolemba.

Kutulutsa Tadala kwatitengera nthawi yaitali kuposa kumulowetsa.

Loweruka

Akwati akwera galimoto ya Bambo Mfumu.

Ndi wansembe wa ku Ireland konkuno amene anakhala zaka zambiri ku Dedza, ndipo Chichewa amachilankhula ndi miyambi yomwe. Kagalimoto kawo ndi kakang'ono kotuwa, konunkha galu, koma kali ndi mipando ya kumbuyo. Maliboni omwe anagulira yofiira ija akazungulira kawiri. Atamva nkhani yonse angondisisita paphewa: "Fisi akatola fupa sayesa kukamwa, mwana wanga." Mwambi umenewu sindinaumvepo. Ndikuganiza kuti aupeka chifukwa cha ine.

Mdipiti wayenda bwino, pang'onopang'ono, mahutala Drumcondra yonse. Azungu akubayibitsa pamabasi. Palibe chatentha.

Tisanapite kuholo, Tadala walamula kuti tonse tipite ku Lucan. Amayi ake analonjezedwa galimoto yofiira, ndipo aiona. Pageti siituluka, koma pabwalo ikhoza kufika. Petulo mulibe. Ndavula jekete. Limbani wakhala pachiwongolero wopanda laisensi, Tadala pambali pake, diresi atalipinda ngati matiresi. Ine kumbuyo, kukankha. Wojambula akukuwa, "Pang'onopang'ono, achimwene, ioneke ngati ikuyenda yokha! Weramani, mukuoneka!"

Kuholo, pa perekaniperekani, woyendetsa mwambo waitana magulu: akuchimuna, akuchikazi, anamwino, a kwaya. Kenako: "Tsopano komiti ya galimoto, a Mipando Iwiri!" Komiti ya galimoto ndi ine ndekha. Ndavina kuchokera pakhomo mpaka kutsogolo, anthu akuliza mahutala ndi pakamwa. Masamba anayi aja ali m'thumba la jekete. Sanatuluke.

Lamlungu

Ku Misa ana akundipatsa moni wa "pipiii". Makolo awo akuwaletsa mochedwa.

Limbani wabwera ndi kamera kudzandionetsa chithunzi chomwe atumiza ku Zomba. N'chokongola. Akwati akuseka, galimoto ikuwala ngati ilibe mlandu ndi munthu. Pagalasi la kumbuyo, pamwamba pa injini, pakuoneka chipumi chonyezimira ndi maso awiri otong'oka. Limbani akuti amayi a Tadala afunsa kale ngati ameneyo ndi makaniko. Wawauza kuti ayi, ndi mnzake amene akuchita digiri yachitatu.

Sakukwiya. Akuti Tadala wasangalala, ndipo mwana woyamba adzamuuza nkhaniyi. Ndiye kuti sidzatha.

Ndafufuta pensulo ija m'buku la eni. Mabuku onse atatu ndibweza mawa masana.

Mawa m'mawa lole ya banki ikubwera. A Brendan apempha kuti ndidzawathandize kukankha galimoto mpaka pageti, akuti safuna kuti alendo aigwiregwire. Ndavomera. Pogwira ndikupadziwa.