Mmene Ndinaphela Kompyuta Yamoyo

Anzanga, amene watopa ndi kompyuta yake ndipo akufuna kuti ife msanga, abwele nayo kwanga ku Petauke. Dzanja la ntchito imeneyi ndili nalo, mboni zake ndi apongozi anga.

Mlamu wanga Misozi, mbale wa mkazi wanga, anakwatiwa ku Lusaka, koma amayi ake sanapite ku ukwatiwo chifukwa miyendo inali itatupa. Ine ndinakopela vidiyo yonse mu kompyuta yanga yapatebulo, ndipo poti pakamwa panga sipakhala chete, ndinatumiza uthenga kwawo ku Ndake, dela la ku Nyimba, kuti akachila abwele adzaonele mwana wawo akulowa m'tchalitchi. Anabweladi, iwo ndi amuna awo, basi ya m'mawa kuchokela ku Nyimba, atanyamula nkhuku ndi nthochi. Apongozi aamuna anakhala pampando atavala shati yoyela, aakazi anayala chitenje pansi pafupi ndi khomo, maso pagalasi. Ine ndinapinda manja a malaya ngati dokotala, n'kudina batani.

Zii.

Ndinadinanso. Zii. Malaiti analipo, filiji ikulila bwinobwino kukhitchini. Ndinayang'ana kuseli, nthambo zonse zili m'malo mwake. Ndinati, "Musade nkhawa, zimachita tele zikazizidwa." Kuzizidwa mu Okutobala, ku Petauke! Koma anthu aulemu aja anangogwedeza mitu.

Ndinayamba ndi mankhwala amene tonse timawadziwa, kuimenya mbama m'mbali. Itakana, ndinasaka wolakwa. Ndinafunsa mkazi wanga ngati sanaithile madzi pokolopa, iye n'kungondiyang'ana. Ndinati mwina ndi ana, ana ali kusukulu osadziyankhila. Ndinatchulanso mphezi, chikhalilecho mvula inali isanagwe ndi dontho lomwe. Munthu wanzelu akanalekela pamenepo, si choncho? Ine ndinakatenga sikuludalaiva.

Nditatsegula chibokosi chija ndinapeza fumbi, ndipo mtima unakhala pansi kuti matenda ndawapeza. Ndinabweletsa pampu ya njinga, kuloza m'kati, kupopa ndi mphamvu zanga zonse. Mayo ine! Fumbi lonse linatulukila mbali inayo, kumene apongozi aamuna anali atawelamila kuti aone ukatswili wa mkamwini wawo. Shati yoyela ija inasanduka yakhaki, nsidze zili mbuu. Anayetsemula, n'kunena mwaulemu kuti, "Pitilizani, bambo, ntchito ni ntchito."

Manyazi anandipatsa mphamvu zina. Ndinazula chilichonse chozuka, kupukuta ndi mpango, kuuzila ndi pakamwa, kuyala patebulo ngati kapenta wapamsika. Kwinaku ndikufotokoza maina a zinthuzo, ena oona, ena ongopeka pomwepo. Apongozi aakazi anafunsa chapansipansi, osandiyang'ana monga mwa mwambo, "Nanga Misozi ali mu kachitsulo kati pamenepo?" Ndinaloza kena kake. Mpaka lelo sindidziwa ngati kanali komweko.

Dzuwa litafika pamutu, mkazi wanga analowa ndi tiyi kuti alendo asafe ndi njala poyembekezela ukwati. Apongozi aamuna atamwako anati, "Kansi munagula ketulo ina? Ulendo watha yamagetsi ija inali yakufa."

"Iyayi atate, ni yamene ija," anayankha mkazi wanga, mawu ali ozizila bwino. "Awisi Taonga, amuna anga awa, ndiye anaikonza, ni akatswili. Anaona kuti yafa ni nthambo, basi anachotsa ya kuseli kwa kompyuta n'kuika ku ketulo. Yakufa ija anaisomeka ku kompyuta kuti isasowe."

M'nyumba munangoti zii, kuposa kompyuta ija. Ndinakumbuka zonse, ngakhale mmene ndinadziguguda pachifuwa tsiku limenelo. Nthambo ziwilizi n'zofanana mutu, ndipo ine ndinali nditauza mkazi wanga kuti ndi anthu ochepa amene amadziwa chinsinsi chimenechi. Kungoti mwa anthu ochepawo, mmodzi anali ataiwala. Ndinam'funsa monong'ona chifukwa chake sanandikumbutse. Iye anati, "Ine wokolopa ningadziwe chani za makompyuta?"

Apa ndinati zatheka, chatsala n'kubwezela zinthu m'malo. Koma kuzula n'kosavuta, anzanga. Kachitsulo kena kanakana kulowa, ndinakatembenuza, kanakanabe, ndiye ndinakakankha ndi chala chachikulu mpaka kanalila kuti thyo! Ndinatseka chibokosi, tizomangila tina titatsala m'sosala, n'kulanda nthambo ku ketulo. Nditadina batani, fani inazungulila, tonse tinawelamila kutsogolo, apongozi aakazi mpaka anaombela m'manja. Kenaka kunamveka kafungo ka pulasitiki wopselela, kautsi n'kutuluka kuseli mwaulemu. Kompyuta imene inadzuka yamoyo m'mawa umenewo inali itatisiya.

Chimene chinandipweteka n'chakuti mayi aja sanakwiye. Anangopukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuuza mkazi wanga kuti, "Mailo tibwelela kumunda. Koma poti amuna ako analiko ku ukwati, atiuzeko chabe mwamene Misozi analowela."

Ndinayamba kufotokoza ndili chikhalile, koma apongozi aamuna anati pakamwa sizimveka bwino, ndiimilile. Mkazi wanga anayambitsa nyimbo, akuomba m'manja mokondwa kuposa tsiku la ukwati wathu. Ndiye ine, bambo wa ana, wandevu zanga, ndinafunda nsalu yapatebulo kumutu n'kuyamba kunyang'ama kuchokela kukhitchini mpaka pakhomo, masitepe awili kutsogolo, imodzi kumbuyo, chiuno chikugwila ntchito, pamaso pa anthu amene chikwatile sindinadyepo nawo mbale imodzi. Apongozi aakazi anaseka mpaka kugona chammbali. Atapezako mpweya anati, "Bwelezani pokhota paja, sin'naone bwino."

Ndinabweleza. Kuyambila tsiku limenelo, chinthu chikafa m'nyumba mwanga ndimangochifunditsa nsalu n'kukhala pansi. Ndipo ukwati wina ukadzachitika m'banjamo, apongozi ndidzawabeleka kumsana mpaka ku Lusaka akadzionele okha.